Beseni langa lomwe linakwera sitima

Wagwira bwino cholemberacho, mdzukulu wanga? Ulembe momwe ndikuyankhuliramu, usandikonzere mawu ngati tili kukhoti. Ine sukulu ndinangoiona pawindo, koma nkhani ya beseni langa ndikufuna ikhale papepala, chifukwa agogo ako aamunawa akaifotokoza okha amaikhotetsa.

Kale pasiteshoni yathu ija pankaima sitima yochokera ku Limbe. Ine ndinkagulitsa pamenepo kalongonda ndi chinangwa chophika. Kagulitsidwe kake sikanali ngati kapamsika ayi. Mawindo a sitima ali m'mwamba, ife tili pansi. Ndiye munthu akakukodola, unkakweza beseni lonse n'kumupatsira pawindo, iye n'kusankha yekha, kenako n'kukubwezera. Khutu lako limayenera kukhala kwa agadi, bambo wa yunifolomu amene ankakhala kumapeto kwa sitima ndi mbendera zake. Agadi akaimba wezulo, landa beseni lako msanga.

Langalo linali loyera, la mkombero wabuluu. Anandipatsa amayi anga sabata yomwe agogo akowa anabwera kudzakhala chikamwini pamudzi pathu. Linali ndi chilema chimodzi. Ndinaligwetsa pamwala kudambo, n'kubooka m'mbali, kabowo ngati diso la nkhuku, ndiye ndinkatsekapo ndi kansanza. Kunsi kwake ndinakanda mizere itatu ndi msomali, poti mabeseni otero analipo ambiri.

Tsiku lina mayi wina analandira beseni pawindo n'kuyamba kusankha chinangwa ngati akusankha mwamuna. Ichi achitembenuze, icho achinunkhize. Wezulo inalira. Ndinati, "Mayi, beseni!" Iwo akuti, "Tadikirani, ichi chikuoneka chowawa." Sitima inayamba kuyenda. Ndinathamanga, amayi ako ali kumsana mutu ukugwedezeka, mpaka pothera simenti. Beseni linapita ku Luchenza, mwini wakene ndisanakwerepo sitima chibadwire. Agadi podutsa anangondikwezera dzanja ngati akuti musadandaule.

Dzanja limenelo ndi lomwe linandipalamulira. Wina anaona, n'kukafika nazo kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza agogo ako akhala pakhonde, milomo italitali.

"Beseni lili kuti?"

"Lapita ndi sitima."

"Sitima sidya kalongonda, mayi. Ingonenani kuti mwawapakulira agadi ndi beseni lomwe."

Ndinapita kwa bwana wa siteshoni kangapo konse kukafunsa ngati labwera. Ankangoti, "Sitinalandire kanthu." Basi ndinagula lina lachabechabe, moyo n'kumapita.

Mkwiyo wa agogo ako unatha, koma mawu aja sanathe. Anasanduka nthabwala ya pakhomo. Mpeni ukasowa, "Kafunseni agadi." Nkhuku ikagona kutchire, "Yapita kwa agadi." Ngakhale dzino langa ili litagweluka anati ndawapatsa agadi. Ana kuseka, alendo kuseka, inenso kuseka, nanga ndikanatani? Koma mkatimu munkaotcha. Ndinkati ndisadzafe munthu uyu asananene ndi pakamwa pake kuti ndinanena zoona.

Kenako sitima inaleka kubwera. Siteshoni inasanduka khola la mbuzi, m'denga muli mileme, m'njanji mwamera chisoso. Zaka izi ndi pomwe aphunzitsi ena opuma ntchito, bambo adazi okonda kuvala tayi ngakhale kumunda, anasonkhanitsa madala omwe ankagwira ntchito m'njanji ndi amayi angapo akutchalitchi. Anathamangitsa mbuzi, anakolopa, anapaka laimu. Palibe amawalipira, amangodzipereka. Anati iyi tsopano ndi myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo amatsegula Loweruka lililonse.

Tinapita kukaona ndi agogo ako. Eee, zinthu zake! Nyali ya magalasi ofiira ndi obiriwira, mbendera zodyedwa ndi njenjete, sikelo yoyezera matumba, belu, kabati ya matikiti yokhomeredwa kukhoma, matikiti akewo akadali m'timabowo tawo. Kutsogolo kwa zonsezo amanga chingwe kuti munthu asayandikire. Ndikuyang'ana pakona, mtima unangoti phwii. Beseni loyera, mkombero wabuluu, lakhala patebulo ngati mkwatibwi, pambali pake kapepala.

Ndinati, "Aphunzitsi, kapepalako kakuti chiyani?"

Anakonza tayi n'kuwerenga mokweza: "Beseni lomwe bwana wa siteshoni ankasambiramo mapazi."

Mapazi! Beseni la amayi anga! Lemba mawu amenewo kawiri. Mapazi!

"Aphunzitsi, limenelo ndi langa. Talitembenuzani muone kunsi."

"Anganga, chonde, kuseri kwa chingwe."

"Sindikulanda ayi. Mungolitembenuza."

"Tinapangana tonse kuti chomwe chaikidwa sichigwiridwa. Mwezi watha wina anabwera akuti nyali ndi ya malume ake. Wina akuti belu anabwereka kutchalitchi kwawo. Tikayamba kutembenuzira aliyense, mawa tidzaonetsa anthu makoma."

Zoona ankanena, koma ine sizinandilowe. Ndinati, "Chabwino, thiranimo madzi. Akafika zala zitatu liyamba kukodza cha kumbali yomwe mwalozetsa kukhomayo." Aphunzitsi anati myuziyamu si pachitsime. Agogo ako anandikoka chitenje, akuti, "Tiyeni, mayi, musachititse manyazi. Lanu lija lili kwa agadi." Madala a njanji aja anaseka mpaka kutsokomola.

Loweruka lotsatira ndinalawira ndi tsache langa. Ndinati ndabwera kudzadzipereka nanenso. Maganizo anga anali oti ndikamasesa ndidzafika pakona paja, chigongono n'kuligunda mwangozi. Koma munthu wophunzitsa ana zaka zonsezo sungamupusitse. Anandithokoza bwinobwino, mpaka kundiombera m'manja, kenako anati, "Anganga, inu gawo lanu ndi khonde ndi panja ponse." Mkati ankasesa okha, tayi ili pakhosi.

Ndinasesa khonde limenelo ma Loweruka asanu. Silinayerepo chotero ngakhale nthawi ya sitima. Alendo akabwera, ndinkawaonetsa pomwe tinkaima ogulitsa, n'kuwakuwira momwe tinkakuwira: "Kalongonda wamotooo! Chinangwa chofumbutukaaa!" Ana ankasangalala kuposa ndi sikelo ija, ndipo aphunzitsi anayamba kumandiitana okha kuti ndikuwe. Agogo akonso anazolowera kubwera, osati kudzagwira ntchito, iwowa ndi tsache sadziwana, koma kudzasewera bawo ndi madala pakhonde langa losesa.

Loweruka lachisanu ndi chimodzi kunabwera ana asukulu a ku Nguludi, odzadza minibasi. Kunali kotentha kuyambira m'mawa, ndipo cha kumasana mvula yoyamba inagwa ngati yakwiyira munthu. Malata a siteshoni ija ndi akale kuposa ine. Kunayamba kudontha apa, kudontha apo. Ndowa yokolopera anaika pa sikelo, chitini cha laimu pa mbendera. Kenako madzi anayamba kutsikira pamwamba penipeni pa kabati ya matikiti, yomwe sungaisunthe poti ndi yokhomera. Aphunzitsi anatchinga ndi manja, madzi akudutsa m'zala, akukuwa, "Bweretsani chilichonse! Chilichonse!"

Ine ndinali pakhomo ndi tsache langa. Ndinafunsa mwaulemu, "Chilichonse, aphunzitsi?"

"Chilichonse, anganga, fulumirani!"

Mawondo awa amene amandivuta pokwera kabaza, tsiku limenelo anadumpha chingwe. Ndinalinyamula. Mwana wanga, linalowa m'manja ngati ndinalisiya dzulo. Ndinaliika pamwamba pa kabati, madzi n'kuyamba kulira m'kati, ndo, ndo, ndo. Aphunzitsi anapuma, n'kuima pambali pa kabatiyo kupitiriza kufotokozera ana za matikiti. Ine ndinkangowerenga zala mumtima. Chimodzi. Ziwiri. Sindinena kuti mbali yobooka ndinailozetsa dala kwa iwo, koma sindinenanso kuti ndinailozetsa kwina.

Zitakwana zitatu, kamadzi kanatuluka m'mbali, kowongoka bwino, n'kutera pakati pa dazi. Ana anagwa nako kuseka. Aphunzitsi anayang'ana m'denga, akuganiza kuti ndi malata. Ine ndinang'amba kansonga ka mpango wanga, n'kupotokola, n'kutseka kabowo kaja osayang'ana n'komwe. Kukodza kunatha pompo.

Mvula itachepa ndinalitsitsa, n'kutuluka nalo pakhonde. Madzi ndinakhuthulira pafupi ndi mapazi a agogo ako, beseni n'kulivundikira pamwamba pa bawo lawo. Mizere itatu ili apo, yadzimbiri koma yooneka.

Mmodzi wa madala a njanji anakanda m'mutu. Anati, "Aaa, ndakumbuka tsopano. Limeneli anatsika nalo ndi agadi, akuti n'la mayi wina wa kalongonda. Bwana anati aliike kaye muofesi. Ndiye poti mapazi awo ankatupa..."

Ndinati, "Ndiye munakhala chete zaka zonsezi, achimwene?"

"Nanga munandifunsa ine?"

Agogo ako sanaseke. Anakhala akuyang'ana mizere ija, nkhomo za bawo zili m'manja. Anaisisita ndi chala. Kenako anati, chapansipansi, "Msomali wake unali wanga. Ndinkakhomera chitseko tsiku limenelo."

"Ndiye?"

"Ndiye munanena zoona, mayi."

"Sindinamve, khutu ili lagontha ndi mvula. Ana asukuluwanso sanamve."

Anaimirira, mkamwini wa amayi anga, n'kuvula chipewa pamaso pa ana onse aja. "Mayi awa ananena zoona. Beseni linapita ndi sitima." Ana anaomba m'manja osadziwa n'komwe kuti mlandu wake ndi wa zaka zingati. Ine ndinayang'ana kumbali, ndinati laimu wandilowa m'maso.

Aphunzitsi, atapukuta dazi, anati ndikhoza kulitenga. Ndinalisenza pamutu mpaka pothera simenti, pomwe ndinaima tsiku lija, kenako ndinabwerera nalo. Kunyumba likanakatani? Kuli mabeseni apulasitiki atatu, ndipo inu adzukulu mukanayamba kuchapiramo nsapato. Ndinati likhale pompano, koma kapepala ka mapazi kachoke lero lomwe. Analemba kena, iwe unandiwerengera kaja: "Beseni la mayi wogulitsa kalongonda, lomwe linapita ku Luchenza lokha n'kubwerera." Pansi pake ndinawauza awonjezere kuti mwini wake yekha ndi amene amaloledwa kuligwira. Anakana, akuti zimenezo sizilembedwa, koma Loweruka lililonse ndimadumpha chingwe n'kulikweza m'mwamba kuonetsa ana momwe tinkaperekera pawindo, ndipo iwo amayang'ana kwina n'kumakonza tayi.

Dzulo supuni ya tiyi inasowa pakhomo pano. Ndinawamva agogo ako akuyamba, "Kafunseni aga..." Anaima, anatsokomola, n'kumaliza kuti, "Kafunseni ana." Supuniyo inali m'thumba la jekete yawo yomwe. Lemba zimenezonso, ndipo ukawawerengere mokweza, khutu lawo labwino ndi lakumanzere.