Mlezi wa Chamba cha a Tjitske

A Douwe Hiemstra, aneba anga, anakalambira pa pantoni. Moyo wawo wonse ankawolotsa anthu, njinga ndi ng'ombe pa mtsinje wathu kuno ku Friesland, kaya mvula kaya mphepo, pakamwa osatseka. Ndiye taganizani munthu wotere kudzitsekera m'nyumba. Anaterereka pa madzi oundana pakhomo pawo pomwe, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Fupa linapola koma mantha sanapole. Ine zinkandiwawa, ndisaname, chifukwa msewu wathu unangoti zii.

Akazi awo, a Tjitske, ankalera mtengo umodzi wa chamba pansi pa getsi m'chipinda chochapira, mankhwala a mawondo awo. Chisanu chomaliza cha mu Meyi chitadutsa, anauika patebulo pambali pa buledi ndi tchizi.

"Bambo, uyu akufunika azolowere kunja. Ine manjawa akana."

"Kangomuokani m'dimbamo basi."

"Kuti afe? Wakulira m'nyumba ameneyu, dzuwa lenileni salidziwa. Lero akakhale pamthunzi pang'ono, abwerenso."

"Ndiye ine ndasanduka mlezi wa chamba?"

"Nanga si ulezi wa mpando mwatopa nawo?"

M'mawa mwake ndinamva matayala akulira. A Douwe anali atakweza mphikawo pa kangolo kawo kotsamira poyenda, akukankha mpaka patsinde pa mtengo wa maapozi. Anaima pamenepo akunjenjemera kuposa masambawo. Khofi wanga asanazizire, onse awiri anali atalowa.

Tsiku lotsatira ndinasuzumira pampanda. "Mwana wakula uyu, aneba. Sukulu ayamba liti?"

"Iwe Sjoerd, samala kabichi wako wodyedwa ndi nkhonoyo."

Mtima wanga unakhala pansi. Munthu akayamba kulalata ndiye kuti akuchira.

Kuchoka pamthunzi anayamba kumuonetsa dzuwa la m'mawa, kenako kamphepo koti tsinde lilimbe. Pa za mphepo ndiye panalibe wowauza, ankangonunkhiza n'kudziwa kumene ichokere. Tsiku lina anakomedwa kucheza ndi wopereka makalata mpaka nsonga za masamba zinayera ndi dzuwa. Anakhalira kupepesa mtengo masana onse, a Tjitske akuseka kukhitchini mpaka kutsamwa.

Chambacho chitagona panja osafota, ndinawakumbira dzenje, a Douwe n'kuoka okha atagwira phewa langa. A Tjitske anandikokera pambali.

"Ntchito yatha, Sjoerd. Mawa abwerera pampando paja."

Kutacha ndinatchera khutu. Kunali bata, ndipo ndinayamba kukwiyira kabichi wanga wosalakwa. Kenako matayala aja analira. Pakangolo panalibe mphika, panali fulasiki ya khofi ndi chipewa chawo cha pa pantoni. Anaima pa chamba chija, anachigwira tsamba, n'kupitirira kukatsegula geti.

"Ulendo wakuti, aneba?"

"Ndikaone ngati anyamata ondilowa m'malo aja sanaimize pantoni yanga. Dzuwa la m'mawa lokha, ndibwerenso."

Ndinaseka mpaka misozi. Nditacheuka ndinaona a Tjitske akudutsa m'dimba, nkhope ili mwee, atanyamula thumba lonse la manyowa ndi manja okana aja.