Batani la a Odell

M'tauni yathu ino, pakati pa mapiri a Kentucky, palibe munthu amene ankatchula ufulu kawirikawiri kuposa a Odell Sizemore. Mmawa uliwonse ankakhala pa tebulo la pakona m'kalesitilanti ka mayi Jewel, khofi ali m'manja, tibuledi tothira msuzi tili patsogolo, n'kumanyoza boma, eni migodi, alaliki, ngakhale olosera zanyengo. Wina akati, "A Odell, tsitsani mawu, muli ana muno," iwo ankamenya tebulo. "Dziko lino ndi laufulu, achimwene. Pakamwapa ndi panga, sindinabwereke kwa munthu." Anthu ankaseka n'kuwathirira khofi wina, chifukwa phokoso lawo silinkapweteka aliyense.

Anakulira kuseri kwa phiri, nalowa mumgodi wa malasha asanamere ndevu, monga anachitira bambo awo. Mgodi utatsekedwa anatuluka ndi chifuwa cholira ngati chitseko chakale, ndipo anapeza ntchito pa sukulu ya sekondale ya boma. Ankakonza mipope, kukolopa, kutsegula ndi kutseka zipata. Koma ntchito imene ankainyadira inali ya zokuzira mawu. Pa masewero a mpira, pa misonkhano, pa mwambo uliwonse, a Odell ankakhala pa katebulo kawo ka mabatani ndi mawaya, nkhope ili gwa ngati akuyendetsa ndege. Mkazi wawo anamwalira osawasiyira mwana, choncho chikondi chawo chonse anachikhuthulira pa Marlee, mwana wa mlongo wawo Verna. Marlee akakhoza mayeso, tauni yonse inkamva isanafunse.

Pa sukulupo, monga m'masukulu ena, mwana amene waposa anzake onse ndiye amalankhula pa mwambo womaliza maphunziro. Amayamba wapereka zimene walemba kwa mphunzitsi wamkulu, ameneyo n'kuziwerenga ndi kuzivomera. Chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti mphunzitsi wamkulu aliyense amapangana chizindikiro ndi munthu wa mabatani, kuti mwana akasiya pepala n'kuyamba zake, mawu azimitsidwe. Wina ankagwira tayi, wina ankakanda khutu. Mayi Caudill, amene ankatsogolera sukuluyi nthawi imeneyo, anati iwo adzavula magalasi. Zaka zonse zimene a Odell anagwira ntchitoyi, chizindikirocho sichinaperekedwepo. Ana ankathokoza makolo ndi aphunzitsi, n'kulonjeza kusintha dziko, anthu akuyasamula.

Chaka chimenecho woposa onse anali Marlee. A Odell anagula malaya atsopano, ndipo anayesa maikolofoni kambirimbiri mpaka mphunzitsi wa nyimbo anawapempha kuti ayisiye ipume.

Koma chinali chaka cha maliro. M'nyengo yachisanu mnyamata wina wa kalasi la Marlee, Trace Begley, anapezeka atafa m'galimoto ya msuweni wake, atamwa mapilitsi osokoneza bongo aja atithera anawa. Anzake anapempha kuti pa mwambo paikidwe mpando wopanda munthu, mkanjo wake uli pamenepo. Akuluakulu oyang'anira masukulu anakana. Anati limenelo ndi tsiku lachisangalalo, ndipo ena ananong'ona kuti zingaoneke ngati sukulu ikuyamikira mapilitsi. Ana anayamba kumanga tinsalu takuda pamkono. Makolo ena anadandaula, koma mayi Caudill anawayankha kuti lamulo silikuwalola kuvula mwana kansalu kamene sikakusokoneza phunziro la munthu. Nkhani ya mpando yokha ndi imene inakanika.

Tsiku la mwambo dzuwa linawomba kwambiri. Anthu anadzaza bwalo la mpira, amayi akudzikupiza ndi mapepala. Akuluakulu aja anakhala pa nsanja pamodzi ndi mayi Caudill, ndipo a Odell anali pansi chakumbali ndi katebulo kawo. Marlee anakwera atavala mkanjo ndi chisoti, anawerenga bwinobwino, mawu ake akumveka mpaka koimika magalimoto. A Odell anali kumwetulira okha. Kenaka mtsikanayo anaima, anatembenuza pepala lija chafufumimba, nakweza maso.

"Izi sizili papepala," anatero. "Pano tikusowa munthu mmodzi."

Chala cha a Odell chinadina batani.

Atadina m'pamene anayang'ana kwa mayi Caudill. Magalasi anali pamaso pawo, manja ali phee pamiyendo. Marlee anali kulankhulabe, milomo ikuyenda, mawu akuthera pa mzere woyamba. Anagogoda maikolofoni ndi chala. Wina kumbuyo anafuula, "Musiyeni mwanayo alankhule!" Ena anayamba kukuwa. Batani lija linali pomwepo pansi pa chala chawo, ndipo kulidinanso kukanabweza mawu nthawi yomweyo. Sanadine. Anawerama n'kumagwiragwira mawaya ngati munthu wofufuza chimene chavuta, mpaka mphunzitsi wa nyimbo, posowa chochita, anakweza kandodo kake, malipenga n'kuyamba kulira. Marlee anatsika pa nsanja osayang'ana kumbali.

Pambuyo pake a Odell ankadziuza kuti anateteza mwana, kuti akanatchula anthu mayina akanamumana satifiketi. Bodza limenelo linkawagwira mpaka masana, kenaka n'kuwataya. Ankakumbukira bwino chimene chinabwera m'mutu mwawo pa nthawi ija. Sanaganize za Marlee. Anaganiza za akuluakulu aja akutembenuka n'kunena kuti, "Si mwana wa mlongo wake wa Sizemore ameneyu? Anapangana." Anaganiza za penshoni yawo imene inali itayandikira. Anachita mantha, basi, ndipo manyazi ake ankawalasa ngakhale akutsuka mano.

Tauni inagwira mfiti yake tsiku lomwelo, ndipo mfitiyo inali mayi Caudill. Ana anali atajambula zonse pa mafoni, ndipo anthu a kutali amene sadziwa n'komwe kumene tauni yathu ili anayamba kuwatukwana. M'sitolo amayi anzawo ankakhotetsa tingolo tawo togulira zinthu akawaona. Kwa mayi Jewel ndiye kunali bwalo la milandu.

"Ampondereza mwana dzuwa likuswa mtengo," anatero a Hobart, amene amakonza matayala. "Akanakhala wanga, bwenzi pano tili kukhoti."

"Mukanaluza, a Hobart," anayankha mayi Fugate, amene anaphunzitsa theka la anthu a m'chipindamo asanapume ntchito. "Akanaima pamsewu ndi chikwangwani, palibe akanamukhudza. Kansalu kaja anavala, ndani anamuvula? Koma nsanja ija ndi ya sukulu, mwambo ndi wa sukulu. Mwini nsanja ali ndi mphamvu yonena kuti izi ayi."

"Ndiye mukuti anachita bwino?"

"Ndati lamulo likuwalola. Sindinati anachita bwino. Inu kusamva munayamba muli m'kalasi mwanga."

Anthu anaseka. A Hobart anatembenukira pakona. "Nanga a Ufulu lero muli zii bwanji? Mwana wanu yemwe! Kapena khofi wakuwotchani lilime? Tiuzeni, anakukodolani bwanji mayi aja?"

"Ine ndimangogwira ntchito," anatero a Odell, maso ali m'kapu.

"Mwamva? Anachita kulamulidwa, munthu wosauka," anatero a Hobart, nawasisita paphewa. Dzanja limenelo linawalemera a Odell kuposa thumba la simenti.

Mayi Caudill anawapeza mkati mwa sabata akupinda mipando m'nyumba yosungira katundu. Anatseka chitseko. Maso awo anali otupa.

"Ine sindinavule magalasi, a Sizemore."

"Ndinaona ngati mukukweza dzanja, mayi."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo a Odell anadziwa kuti bodzalo lagwera pansi pakati pawo. "Mwina ndikanavula, sindikudziwa," anatero mayi Caudill. "Koma ndinkafuna ndimve kaye chimene mwanayo akunena. Basi, zachitika. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Inu mwatsala pang'ono kupuma, musadzipalire moto. Ndinena kuti linali lamulo langa."

A Odell anathokoza. Inde, anathokoza, chipewa chili m'manja, ndipo mayiwo atatuluka, iwo anakhala pa mpando umodzi mwa imene ankapinda ija.

Chimene chinawadwalitsa kwenikweni chinali Marlee. Mwanayo sanasinthe. Lamulungu lililonse ankawabweretsera nyemba ndi chikondamoyo zimene mayi ake aphika, n'kufunsa za chifuwa chawo, n'kuwadzudzula chifukwa cha fodya. Za mwambo uja sanatchulepo. A Odell akanakonda atawatukwana, atamenyetsa chitseko. Ankalandira mbaleyo, mwana akapita n'kuiika mufiriji osaikhudza. Kwa mayi Jewel anasiya kupitako. Verna anayamba kuuza anthu kuti mchimwene wake wakwiya kwambiri ndi zimene sukulu inachitira mwana moti chakudya sichikulowa, ndipo anthu anawalemekezanso koposa.

Chilimwe chinapita choncho, ndipo nthawi yoti Marlee apite ku koleji inayandikira. Madzulo ena dzuwa likadalipo a Odell anayendetsa galimoto yawo kukwera kwa Verna. Anapeza Marlee ali yekha pakhonde, beseni lili pamiyendo, akuthyola zitheba zoti mayi ake aike m'mabotolo.

"Amalume! Khalani apa, manja anu asangokhala," anatero, akuwakankhira mulu wa zitheba.

Anakhala. Anathyola zingapo.

"Marlee, mwanawe, pali nkhani. Tsiku lija..." Anatsokomola. "Mayi Caudill sanandiuze kanthu. Sanapereke chizindikiro. Ndinazimitsa ndekha."

Marlee sanasiye kuthyola. "Ndikudziwa, amalume."

"Ukudziwa?"

"Za magalasi zija munandiuza nokha ndili wamng'ono, mukudzitama. Nditatembenuza pepala, maso anga anali pa mayi Caudill. Ndinkadziwa kuti akavula, ndatsala ndi mpweya umodzi. Sanagwedezeke n'komwe. Ndiye ndinayang'ana kwa inu, ndikuganiza kuti waya wazuka, amalume akonza pompano. Ndinakuonani mukusewera ndi mawaya."

A Odell anafuna pansi patang'ambika. "Nanga bwanji sunanene? Miyezi yonseyi ukundibweretsera chakudya?"

"Ndikanauza ndani? Amayi? Kuti alire kawiri?" Anataya nsonga za zitheba m'kabeseni kena. "Komanso ndimafuna ndione ngati mudzabwera nokha. Ndinatsala pang'ono kutaya mtima."

"Ndinachita mantha, mwanawe. Ndilibe chonamizira. Ndimaopa kuti utchula akuluakulu aja, uwanyoza pamaso pa anthu."

"Ndinyoze ndani? Ndimafuna kutchula dzina la Trace. Ndinene kuti anali mnzathu kuyambira tili ana, kuti ankatiseketsa mu basi, kuti akanakhala pa mzere wachiwiri. Basi. Zikanatha musanameze malovu."

"Ndikhululukire, Marlee. Ukafuna, pa mpira woyamba ndikupatsa maikolofoni, unene zonse, andichotse ntchito akafuna."

Apa m'pamene mtsikanayo anaika beseni pansi. Sanakweze mawu. "Amalume, mawu aja sanali anga, ndipo sanali a anthu oonera mpira. Ndinapita ndekha kwa mayi ake a Trace kukawapempha kuti abwere. Anakana, anati alibe mwana woti akamuone kumeneko, anthu akangowayang'ana. Ndinawalonjeza kuti akabwera adzamva dzina la mwana wawo likutchulidwa pamodzi ndi anzake. Anapempha tchuthi kuntchito, anabwereka diresi. Anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chipata, kumene munthu samva kanthu popanda zokuzira mawu zanu zija."

Marlee anapitiriza.

"Malipenga atayamba ndinawaona akuimirira, akutuluka. Mpaka lero ndikawaimbira foni sayankha." Marlee anatolanso beseni lake. "Ine ndakukhululukirani, musavutike nane. Za mayi Caudill mudziwa nokha chochita. Koma mayi Begley amakhala kuseri kwa tchalitchi cha Baptist, nyumba yobiriwira. Amaweruka dzuwa likamalowa."

A Odell anakhalabe pakhondepo, chitheba chimodzi chili m'manja, akuyang'ana msewu wotsikira ku tchalitchi. Dzuwa linali litayamba kale kubisala kuseri kwa phiri.