Zaka Khumi ndi Ziwiri M'nyumba ya Chikole

A Lamson Msaiwale anachoka ku Kawale kubwera ku Perth, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, ali ndi luso limodzi, lowotcherera zitsulo. Nthawi imeneyo migodi ya kumpoto kwa dzikolo inkasowa amisiri otere. Ankakwera ndege kupita ku mgodi, kukhalako masabata angapo, n'kubwerera kudzapuma. Ndalama zinkabwera bwino, moti anaitanitsa akazi awo, a Katherine, ndi mwana wawo Tasha. Kenako anagula nyumba ya njerwa zofiira ku Armadale, kumalire kwa mzindawo, pa ngongole ya ku banki.

Koma moyo wa pandege unawatopetsa. Tasha ankakula iwo kulibe, ndipo akabwera ankawapatsa moni ngati alendo. Anaganiza zogula lole yokhala ndi makina owotcherera kuti azigwira ntchito yawoyawo n'kumagona pakhomo. Banki inakana kuwawonjezera ngongole. Kampani ina yaing'ono yobwereketsa ndalama inavomera, koma inati nyumba ikhale chikole. A Katherine sanagwirizane nazo, koma a Lamson anasaina.

Lole inayenda bwino chaka chimodzi chokha. Mu 2013 migodi inayamba kuchotsa anthu, ndipo makampani amene ankawapatsa ntchito anasiya kuyankha foni. Analephera kulipira ngongole ya lole, loleyo inalandidwa n'kugulitsidwa motchipa, ndipo ngongole inatsalabe yambiri. Panalinso ya mafuta, ya zitsulo, ya msonkho. Mapeto ake anakalengeza ku boma kuti alephera kubweza ngongole zawo.

Amene anaikidwa kuti ayang'anire katundu wawo anaona kuti ngongole za pa nyumbayo zikuposa mtengo wake, ndiye anaisiya. A Lamson anapeza ntchito pa malo ena opangira mageti, napitiriza kulipira banki mwezi ndi mwezi. Kampani ya ngongole ya lole ija inangoti zii.

A Katherine ndiwo sanapirire. Sikuti ankakangana. Ankangodya aliyense nthawi yake, wina pabalaza wina kukhitchini. A Katherine atapeza ntchito yosamalira okalamba kumzinda wakutali wa Adelaide ananyamuka ndi Tasha.

"Mukakonza zinthu mudzatiuze," anatero akukwera galimoto yopita kubwalo la ndege.

Patapita zaka zitatu a Lamson anauzidwa kuti amasulidwa ku ngongole zawo. Anaimbira a Katherine tsiku lomwelo. A Katherine anafunsa funso limodzi: "Nanga a lole aja achotsa dzina lawo pa nyumba?" A Lamson anati ayi. Foni sinatalike.

Kuyambira pamenepo ankakhala m'nyumbamo ngati munthu amene wasungira mnzake. Ankagwiritsa ntchito chipinda chimodzi ndi khitchini. Denga litayamba kudontha m'chipinda cha Tasha anangoikamo ndowa. Mmisiri wopanga mageti a anthu ena, geti lake ankalimanga ndi waya. Kutchalitchi ku Mirrabooka, mbali ina ya mzinda, ankapita Lamulungu lililonse, kukhala kumbuyo, kuimba besi motsitsa. Mabanja a ku Malawi akamasinthana kulandira mapemphero a m'nyumba, iwo ankati kwawo n'kutali. Palibe amene ankadziwa nkhani yawo. Anthu ankangoti a Msaiwale ndi ofatsa.

Zaka zinadutsa choncho. Ndiye chaka china, mitengo ya nyumba ku Perth itakwera kwambiri, foni inalira ali pa nthawi yopuma kuntchito. Woimbayo anati dzina lake ndi Rodney, ndipo kampani yake inagula ngongole zakale za kampani ya lole ija. Ankalankhula Chingerezi chofewa, chosathamanga. Sanaopseze. Anafunsa mmene dzina la Msaiwale limatchulidwira, nayeserera mpaka analitha.

Rodney anayamba kuimba kawirikawiri. Ankafunsa za ntchito, za msana umene a Lamson anadandaula nawo tsiku lina, za Tasha amene tsopano anali namwino. Anafotokoza kuti naye bambo ake anali makaniko ndipo anamwalira ali ndi ngongole. A Lamson ankadziwa kuti munthuyo ali pantchito. Komabe foni ikalira ankapukuta m'manja mofulumira n'kutuluka panja kukakhala pa mulu wa mapaipi. Panalibe wina amene ankawafunsa za msana.

Tsiku lina Rodney anati, "Sitikufuna kukuvutitsani. Mungolipirako kangachepe, ngakhale ndalama ya chakudya chamasana, kuti akuluakulu anga aone kuti ndinu munthu wabwino. Ndikutumizirani pepala musaine, zikatero tiyamba kukambirana bwinobwino."

A Lamson anavomera. Koma pepalalo linali ndi mawu ovuta, ndipo anakumbukira kuti kusaina kunawavulazapo kale. Pa bolodi ya kutchalitchi anaonapo chidziwitso cha ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo mwaulere. Anapempha tchuthi cha tsiku limodzi. Sitima ya ku Armadale inali itaimitsidwa chifukwa chokonza njanji, ndiye anakwera mabasi mosinthasintha mpaka ku Mirrabooka kumene kunali ofesiyo.

Loya amene anawalandira anali mayi wachitsikana wovala mpango kumutu. Ataona dzina anamwetulira n'kuyamba Chichewa. Anali Patuma, wa ku Balaka, amene anabwera kudzaphunzira pa yunivesite ya ku Crawley n'kukhazikika. A Lamson anafotokoza zonse kuyambira pa lole. Kanali koyamba kuinena nkhaniyi m'chilankhulo chawo.

Patuma anawerenga mapepala onse, n'kufunsa, "Bambo, kuchokera pamene munalephera kulipira, munawapatsako kalikonse? Munawalemberako kuvomera kuti ngongoleyi ilipo?"

"Ayi. Koma ineyo ndinkayesa kuti ngongoleyi inatha. Anandiuza kuti ndamasulidwa."

"Inuyo munamasulidwadi. Sangakulandeni malipiro kapena kanthu kena. Koma nyumba sinamasulidwe. Chikole chimatsala, ndipo akhoza kupita kukhoti kuti aigulitse."

"Nanga bwanji sanapite zaka zonsezi?"

"Kale sakanapezapo kanthu, banki ikanatenga zonse. Pano nyumba yakwera mtengo. Koma nawonso ali ndi malire. Lamulo la kuno limawapatsa zaka khumi ndi ziwiri kuti asumire pa ngongole ya chikole cha nyumba. Mmene ndikuonera, kwa inu zikutha chaka chamawa. Mukalipira ngakhale pang'ono, kapena mukasaina ichi, kuwerenga kukhoza kuyambiranso pachiyambi."

A Lamson anati, "Rodney sananene zimenezo."

"Sakananena."

"Ndiye akhoza kusuma mawa lomwe?"

"Akhoza. Mwina mapepala awo ndi osakwanira, poti ngongoleyi yadutsa m'manja ambiri. Sindikudziwa, ndipo sindingakulonjezeni kanthu."

A Lamson anapinda chipewa chawo pamwendo. "Mwanawe, ndalamazo ndinatengadi. Kungokhala chete mpaka nthawi ithe, si kuba kumeneko?"

"Lole anatenga, bambo. Nthawi yosumira anapatsidwa yokwanira, ndipo palibe amene wawatsekera khomo la khoti. Zotsalazo ndi za mumtima mwanu, ine sindingakusankhireni. Ndikungopempha kuti musasaine musanadziwe chimene mukusaina."

Sanasaine. Rodney ataimbanso, a Lamson anamuuza kuti nkhani zonse azilankhula ndi loya wawo. Rodney anati wamva, ndipo anafunsabe za msana. A Lamson anati uli bwino, ngakhale unali ukupweteka. Foni imeneyo inali yomaliza.

Miyezi yotsatira inali yolemera kuposa zaka zonse za m'mbuyo. Kale ankangodziwa kuti tsiku lina adzabwera. Tsopano ankadziwa kuti ngati akubwera, abwera posachedwa. Galimoto yachilendo ikaima pamsewu ankasuzumira pa katani. Nthawi yopuma kuntchito ankadya ndi anyamata a ku Philippines amene ankacheza m'chilankhulo chawo, foni ili m'thumba, yosalira. Kangapo anafuna kumuuza m'busa. Ankafika pafupi, n'kupeza m'busayo atazunguliridwa ndi anthu a za ukwati ndi ubatizo, n'kubwerera.

Nthawi ija inakwana, n'kudutsa. Patuma anadikira kaye, n'kufufuza kukhoti, ndipo sanapeze mlandu uliwonse. Analembera kampaniyo. Panali kukokanakokana kwa miyezi ingapo, koma pamapeto pake kampaniyo inavomera kuchotsa dzina lake pa chikalata cha nyumba. Patuma anawaimbira masana, ali pakati powotcherera.

"Bambo, zatha. Yatsala ya ku banki yokha, imene mukulipira kale."

A Lamson anathokoza kawiri katatu. Atadula foni anatsitsa chigoba chakumaso n'kumaliza geti limene anali atayamba.

Loweruka anaimbira a Katherine. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo anati akondwera, ndipo zinkamveka kuti akunena zoona. Kumbuyo kunkamveka mawu a anthu ndi mbale. A Katherine anati ali ndi alendo a kutchalitchi kwawo, adzaimba tsiku lina. Tasha anaimba yekha madzulo ake. Bambo ake ankalankhula Chichewa, iye n'kumayankha m'Chingerezi cha konkuno, monga ankachitira kuyambira ali ku pulayimale. Anati nyumbayo aigulitse tsopano, agule kanyumba kakang'ono ku Adelaide, pafupi ndi iye.

"Ndikatani kumeneko, mwanangu? Ntchito yanga ili kuno."

Tasha anati mageti amapangidwa kulikonse. Anaseka onse awiri, ndipo a Lamson anati aganizira.

Lamulungu kutchalitchi inafika nthawi ya mathokozo. Banja lina linaimirira chifukwa cha mwana wobadwa kumene. Mnyamata wina anathokoza kuti walandira unzika wa dzikoli, ndipo amayi analulutira. Wotsogolera anafunsa ngati pali wina. A Lamson anagwira mpando wa kutsogolo kwawo kuti adzuke, koma anaona kuti kuti anthu amvetse, ayenera kuyambira pa lole, pa a Katherine, pa zonse zimene sananene kwa zaka zonsezi. Anachotsa dzanja. Nyimbo inayamba.

Potuluka, a Chomba, mkulu wa mpingo, anawagwira chanza pakhomo.

"A Msaiwale, muli bwanji? Kwanu ku Armadale sitima yayambanso kuyenda, eti?"

"Yayamba, akulu."

"Ndiye tsopano si kutalinso."

"Ayi, si kutali," anatero a Lamson.

A Chomba anatembenukira kwa wotsatira pamzere. A Lamson anaima pang'ono pabwalo, pakati pa ana othamangitsana ndi magalimoto otuluka, kenako anawoloka msewu kukadikira basi.