Masamba a Pamsewu Tsiku Loika Bambo

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, msana ukuwawa chifukwa chogona chokhala pafupi ndi bokosi la bambo. Azimayi a kutchalitchi anali atachezera kuimba, mawu atasasa. Kunja kunali chisanu cha mu Juni cha kwathu ku Namitete, cholowa m'mafupa. Azibambo anali atazungulira moto, koma ine ndinkafuna munthu mmodzi, mlongo wanga wamng'ono, Fatsani.

Ndinamupeza kumsewu atavala nsapato zake zothamangira, akuyang'ana masamba amene anaikidwa kusonyeza kuti pamudzi pagwa zovuta. Pamasamba otere wanjinga amatsika, wachipewa amavula, ndipo palibe amene amathamanga.

Fatsani anamwa kachasu zaka zisanu ndi ziwiri. Mkazi wake anabwerera kwawo ku Nsaru, ine ndinamukalipira mpaka kukamwa kuuma. Bambo sankadziwa kulalata. Tsiku lina anangomudzutsa mbandakucha, nati athamange mpaka pamlatho, iwo akutsatira panjinga, kuti ludzu lija lituluke ndi thukuta. Anthu ankaseka kuti mkuluyo akuweta mwana ngati ng'ombe. Anawetadi zaka zitatu osajomba, ndipo akafika pakhomo ankaliza belu la njinga kawiri kuti amayi adziwe kuti abwerako bwino.

"Alongo, ndikapanda kuthamanga lero, sindikudziwa kuti kuda bwanji," anatero.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinamufunsa ngati akufuna anthu anene kuti mwana wa malemu wapenga, kulumpha masamba bambo ake ali m'nyumba. Ndinamuvulitsa nsapatozo n'kukazibisa kunkhokwe.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kukhamuka, ena pangolo, ena pamatola kuchokera ku Msundwe. Kunabwera ngakhale matenanti a kuesiteti amene ankawaona awiriwa akudutsa m'mawa uliwonse. Utsi wa m'mafuwa unadzaza pabwalo, azimayi akukangana zoti nyemba zichepa. Ine ndinkagawa mbale, koma maso ali pa Fatsani.

Chakumasana adzukulu anabwera kudzanena kuti manda atha. Awiri mwa iwo anali anzake akale a kumowa, ndipo fungo lawo linkafika iwo asanafike. Mmodzi anamugwira Fatsani paphewa n'kumunong'oneza. Ndinaona kabotolo katatukumula thumba la jekete la mnzakeyo.

Titatha mapemphero tinanyamuka. Mphepo inkaulutsa fumbi ndi mapesi a m'minda yokolola, ife tikuyenda pang'onopang'ono m'njira yomwe bambo ankapalasamo njinga. Ndinawasowa kwambiri pamenepo, chifukwa iwo akanadziwa chochita ndi mwana wawo. Tinaika maliro, kenako nkhata. Pobwerera Fatsani sanalowe m'nyumba, anakhotera kuseri kwa chigafa cha fodya limodzi ndi anzake aja.

Masamba aja anayenera kukhala pamsewu mpaka m'mawa mwake, tsiku losesa. Ndinalowa kuchipinda kumene amayi anakhala ndi anamfedwa anzawo, ndipo ndinawauza zonse, ngakhale za nsapato. Sanandikalipire.

"Kachotse masambawo, mwanangu. Wonena anene. Ndaika mmodzi lero, zakwana."

Ndinawachotsa ndekha, anthu akundiyang'ana, kenako ndinapita kuchigafa nsapato zili m'manja. Fatsani anali atakhala pansi, botolo lili pakati pa miyendo yake, chitsekerero chikadali pomwepo. Ndinamupatsa nsapatozo. Anamanga zingwe, nauyamba wa kumlatho, kumbuyo kwake kulibe aliyense.

Dzuwa likulowa anthu ambiri anali atabalalika. Pabwalo panatsala phulusa ndi mabenchi obwereka. Njinga ya bambo inali yotsamira pakhonde pomwe anaisiya, ndipo m'nyumba munali zii. Ndinakhala pambali pa amayi, tonse tikumvetsera kunja. Njira ya kumlatho imadutsa pakhomo pophikidwa kachasu, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo.

Kenako tinamva mapazi, ndi munthu akupuma mwawefuwefu. Anaima pakhonde kanthawi. Belu linalira kawiri.

"Abwerako," anatero amayi, monga ankanenera m'mawa uliwonse. Atatero anaphimba nkhope ndi chitenje.