Dzina la amalume pa tsamba la njuga

M'chaka cha 2011 ndinkagwira ntchito m'kafe ya intaneti pakati pa tauni ya Durban, ndipo mutu unali utandikulira. Ndinali nditadziphunzitsa ndekha kupanga mawebusayiti. Yoyamba ndinapangira amalume anga, telala wa ku Mangochi amene ankasoka mikanjo ndi mayunifomu a sukulu ku Overport.

Webusayiti inali yokongola, koma munthu akafufuza telala pa intaneti, ife tinkatuluka patsamba lachitatu. Ndani amafika kumeneko? Anzanga a m'kafe anandiuza chinsinsi: makina ofufuzira amakweza webusayiti imene masamba ena ambiri akuiloza. Kulozako ndiye malinki, ndipo malinki ankagulitsidwa ngati tomato. Ndinapeza mkulu wina wogulitsa, ndinagula mulu wonse, osawauza amalume. Kodi malinkiwo akaikidwa pati, sindinafunse.

Pasanathe mwezi tinali patsamba loyamba. Foni ya kushopu inayamba kulira, ine n'kumayenda ngati mwini mzinda. Ndivomere, ndinkadzimva kukoma.

Lachisanu lina titatuluka mumzikiti, bambo wina wopemphera nawo anawakokera amalume pambali n'kuwaonetsa foni. Mwana wake anali atapeza dzina la shopu yathu pa tsamba la njuga, pansi pa zithunzi za mowa ndi za akazi osavala bwino. Tinabwerera kushopu. Amalume anakhala pa makina osokera, osawapalasa.

“Mphwanga, dzina langa wakaligoneka kuti?”

“Amalume, zimenezo palibe amaziwerenga. Ndi za makina basi.”

“Palibe? Nanga amene wandionetsa uja ndi makina?”

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti aliyense akutero, kuti tikachotsa tigwa, makasitomala atha.

“Eish, tigwe,” anatero. “Ndinafika kuno ndi sizasi imodzi ndi dzina. Kachotse.”

Walira mvula walira matope. Kugula kunanditengera theka la ola, kuchotsa kunandidyera miyezi. Ndinkalembera eni masamba aja mmodzimmodzi, ena n'kuchotsa, ena n'kufuna kuti ndiwalipirenso. Tinagwadi, mpaka tsamba lachinayi, ndipo foni inakhala duu. Manyazi anandigwira, koma mkwiyo ndiwo unali wambiri.

Tsiku lina amalume anandifunsa kuti linki kwenikweni n'chiyani. Ndinati ndi munthu kunena pa tsamba lake kuti uyu ndimamudziwa, pitani kwa iye.

“Ndiye ndi umboni,” anatero. “Umboni umagula? Anthu ondidziwa alipo.”

Ndinati ndiwalembera maimelo. Anaseka. Anati munthu wamkulu supempha kanthu kwa iye pa kalata, umapita, upereke moni, ukhale pansi. Choncho tinayamba kukwera mateksi. M'teksi tinkayankhula Chizulu chathu chothyokathyoka, Chichewa titachipinda m'thumba kuopa kudziwika kuti ndife alendo, tikatsika n'kuchitulutsa. Tinapita ku Verulam, kunja kwa Durban, ku madrasa imene ankaisokera mayunifomu. Tinamwa tiyi, tinafunsana za ana ndi za kumudzi, ola lathunthu, ine ndikuyang'ana wotchi. Za linki amalume anazitchula titaimirira kale kuti tizipita. Mawa lake linki inalipo pa tsamba la madrasayo. Tinapitanso kwa wogulitsa nsalu, kwa wojambula zithunzi za maukwati, kwa mayi wina wokonza maulendo a amalonda opita kumudzi. Malinki ake anali ochepa, okwana kuwerenga ndi zala, koma tinayamba kukwera pang'onopang'ono.

Chaka chotsatira makina ofufuzira anasintha kaweruzidwe, n'kuyamba kukankhira pansi mawebusayiti a malinki ogula. M'kafe munali maliro. Anzanga ankati ntchito yokweza mawebusayiti yatha, tikasake ina. Ine sindinavomereze, ndipo mpaka lero sindivomereza. Chimene chinatha ndi kubera. Makinawo adzasintha kangati kaya, koma chimene akufunafuna ndi chomwe munthu amafunsa akafika m'tauni yachilendo: ndani pano amasoka bwino, ndipo akunena ndani? Amene angayankhe funso limenelo ntchito sadzaisowa. Ife tinabwerera patsamba loyamba, ndipo tinakhalapo.

Koma linki imodzi inakanika. Mwini tsamba la njuga lija, lomwe linayambitsa zonse, sanandiyankhe ngakhale kamodzi. Ndinawafotokozera amalume kuti pali njira youzira makina kuti linki imeneyo asaiwerengere, ndipo ndinaitsata. Iwo anati makina angaleke kuwerenga, koma munthu wa maso akhoza kuliwona dzina lawolo.

Mu 2015 ndinaganiza zobwerera kumudzi. Amalume anandiperekeza kukakwera basi, atandisokera mkanjo watsopano. Ndinkayembekeza kuti anditamanda, poti shopu inali itadzaza ntchito mpaka analemba atelala ena awiri. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

“Dzina lija lachoka?”

“Ayi, amalume. Likadalipo.”

“Uyende bwino, mphwanga. Koma ntchito yanga sunamalize.”