Oyeza ana pa sikelo ya fodya

Ku Kapelula kuli akulu ena amene ana amawathamangira ngati anyamula nzimbe. Anakalambira pa esiteti akuyeza mabelo a fodya, ndipo sikelo yakale imene anapatsidwa popuma ntchito anaikoleka mumtengo wa mango. Loweruka lililonse amakhazika ana m'chiguduli mmodzimmodzi, n'kumakuwa kulemera kwawo mudzi wonse ukumva. “Mwana ndi mbande,” amatero. “Ukaimana chakudya ku nazale, kumunda usakailirire.”

Chimene chimawapweteka mtima ndi chikhulupiriro choti mwana akadya dzira amagwa njirinjiri.

Chaka china, kwa mwezi wathunthu, amayi a m'mudzimo ankatengedwa pa lole m'mawa uliwonse kukayeserera magule a chipani, ana n'kusiyidwa kwa akuluwa. Mdzukulu wawo Zelesi anali ataonda, tsitsi litafiira. Akuluwa anangoti mwayi ndi womwewu, n'kuyamba kuswera dzira m'phala lake la nsinjiro tsiku ndi tsiku.

Amayi ake a Zelesi atapeza mulu wa makoko a mazira kuseri kwa khola, anaika manja kumutu. “Bambo, mwandiphera mwana!”

“Wadya mwezi wonse, wagwa liti? Tabwera nayeni kuno!”

Anamukhazika m'chiguduli muja. Muvi wa sikelo unapitirira pamene unkalekezera, ndipo akuluwa anavina mpaka chipewa kugwa.

“Uyu ndi giredi wani!” anakuwa. “Mawa mazira awiri. Linalo n'lanu amake Zelesi, magulewa akupepulani.”