Mbuzi Yanga mu Mkuyu

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali ndi zaka khumi, tikukhala kufupi ndi mtsinje wa Bua, m'munsi mwa mapiri a nkhalango yotetezedwa. Ndinali ndi mbuzi yanga yoyera yomwe ndinkailera ngati mwana, moti ababa anachita kundilonjeza kuti sidzaphedwa pa chikondwerero cha Idi. Tsiku lina inasowa. Ndinaipeza ndine, ndili kunkhuni. Inali pamphanda ya mkuyu, miyendo ili lende, ntchentche zitaunjikana pakhosi. Pansi panali mapazi a kambuku.

Ndinafika kunyumba ndikulira. Ababa anangotenga kabotolo ka mankhwala ophera mbozi m'munda.

"Ukandisonyeze mtengowo," anatero. "Abwera kudzamaliza nyama yake, ndipo adya komaliza."

Pakhonde panali amalume Saidi, alongo awo a amayi, omwe ankagwira ntchito yowerenga nyama m'nkhalangomo. Ankamangirira makamera kumitengo, ndipo kambuku aliyense ankamudziwa ndi mawanga ake. Anthu ankawaseka kuti amataya nthawi kuwerenga nyama zosadyedwa. Amalumewo sanatsutsane ndi alamu awo. Ananditengera pambali n'kutulutsa chithunzi m'thumba. Pachithunzipo panali kambuku wa khutu long'ambika, mawere ali otupa.

"Iwe Asiyatu mphwanga, mbali ino ya phiri wamkazi amene ndikumuona ndi uyu yekha. Akuyamwitsa. Mtengowo ukuudziwa ndiwe, ine sindikukakamiza."

Ndinawada amalume tsiku limenelo, kunena zoona. Ndinkafuna chilombocho chife. Koma ababa atandiitana kuti tizipita, khutu long'ambika lija silinkachoka m'maso mwanga.

"Ababa, sindipita," ndinatero.

Ababa anakabweza kabotolo kaja. Kuwakanira pamaso pa alamu awo kunawapweteka, ndipo sanandilankhule mpaka Lachisanu pochokera kumzikiti. Sabata yotsatira ndinawaona iwo ndi amalume akumanga khola lam'mwamba la mitengo yolimba, akukangana za amene sadziwa kumanga.

Mvula itatha amalume anabweranso ndi chithunzi china. Kambuku uja anali pathanthwe, ndipo pambuyo pake panali tiana tiwiri tonenepa. Anaika chala pa kamodzi.

"Mbuzi yako ija ndi iyi."

Ndinaliranso, koma kulira kwake kunali kwina. Ababa anachitenga chithunzicho, anachiyang'anitsitsa, n'kungoti, "Ndiye ayidya bwino."

Lero ndimamvetsa chifukwa chake amalume ankakwera mapiri aja mpaka nsapato kung'ambika. Nyama ikakhala yosawerengedwa imangokhala chilombo, ndipo ikafa palibe amene amadziwa kuti inali yotsiriza. Mbuzi yanga ndimaikumbukabe. Koma ndikamva kuti m'mapiri akwathu mwaoneka kambuku, ndimati mwina ndi mdzukulu wa uja amene ndinamudyetsa ine.